Ufa Umodzi, Maphikidwe Awiri: Buledi wa ku Lebanon ndi Buledi wa Adyo

Lero nkhani ili kukhitchini. Ndi nkhani ya ufa wa tirigu, madzi, mchere ndi moto.

Pali buledi wamitundu iwiri amene munthu angaphike pakhomo. Woyamba ndi wa ku Lebanon, wopyapyala, wozungulira, wokhala ndi thumba m'kati. Wachiwiri ndi buledi wa adyo ndi tchizi, uja amene fungo lake limafika kwa aneba mbale isanafike patebulo. Onsewa amachokera m'thumba limodzi la ufa. Chowasiyanitsa ndi moto. Wa ku Lebanon amafuna moto waukali kwa kanthawi kochepa. Wa adyo amafuna moto wofatsa. Mfundo imeneyi isungidwe, chifukwa ibweranso kangapo.

Choyamba, nkhani ipite kwawo kwa buledi wa ku Lebanon.

Ambiri dzina la Lebanon analimva kutchalitchi, pa nkhani za mitengo ya mkungudza. Mtengo umenewo mpaka lero uli pakati pa mbendera yawo. Ndi dziko laling'ono, la mapiri, lomwe lili m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, ndipo likulu lake ndi Beirut. Kumeneko buledi ali ngati nsima kuno. Munthu akadya popanda buledi amaona ngati sanadye. M'Chiarabu amamutcha khubz. Ndipo buledi ameneyu ndiye supuni yawo. Amanyema kachidutswa, n'kukapinda ndi zala, n'kutapira ndiwo, monga mmene mbamu ya nsima imatapira nyemba. Amasunsa mu hummus, phala losalala la nyemba zija amati chickpeas, losakaniza ndi chitowe chopera ndi mandimu. Amasunsanso mu labneh, amene ndi chambiko chosefedwa mpaka kulimba.

Ulemu umene amapereka kwa buledi si wamasewera. Akuluakulu akaona chidutswa chagwa pansi amachitola, n'kuchipsompsona, n'kuchikhudzitsa pamphumi, kenaka n'kuchiika pamalo okwera kuti chisapondedwe. Anthu awiri akagwirizana kwambiri amati pakati pawo pali buledi ndi mchere. Kutanthauza kuti anadyera pamodzi, ndiye sangachitirane chiwembu.

Mwambo wophika buledi si wa dzulo. M'chaka cha 2018, akatswiri ofukula zakale analengeza kuti pamalo otchedwa Shubayqa, m'chipululu cha ku Jordan, anapeza nyenyeswa zopserera za buledi wa zaka zoposa 14,000. Anthu a dera limenelo anayamba kuphika buledi asanayambe n'komwe kulima tirigu m'minda.

Nanga m'mawa ku Beirut kumamveka fungo lanji? Kumamveka fungo la man'oushe. Uyu ndi buledi wopyapyala wopakidwa pamwamba asanalowe pamoto. Chopakacho nthawi zambiri ndi za'atar, msakanizo wa masamba ouma a thyme wakutchire, chitowe chokazinga, mchere, ndi ufa wofiira wowawasa wa zipatso za sumac, zonse zosungunulidwa m'mafuta a azitona. Ena amaikapo tchizi woyera wotchedwa akkawi, amene dzina lake linachokera ku mzinda wa Akka. Dera lililonse lili ndi kanyumba kake kophikira buledi, komwe amati furn. Mwana wopita kusukulu amadzera pamenepo. Wogwira ntchito mu ofesi amadzeranso pamenepo. Amayi ena amanyamula za'atar wawo wa kunyumba m'kambale, n'kukapereka kwa wophika kuti awapakire pa mtanda wake, chifukwa banja lililonse limakhulupirira kuti msakanizo wa agogo awo ndiye weniweni.

Mu Disembala 2023, bungwe la UNESCO linaika man'oushe pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa padziko lonse. Msonkhano umene unagamula zimenezi unachitikira pafupi pomwepa, ku Kasane m'dziko la Botswana.

Koma omvera, buledi ameneyu wadutsanso m'masautso. Ngakhale alimi a m'chigwa cha Bekaa amalima tirigu, sakwanira dziko lonse. Wambiri amachokera kunja pa sitima zapamadzi. Pa 4 Ogasiti 2020, padoko la Beirut panaphulika moto woopsa umene unapha anthu oposa 200, n'kuphwasula nkhokwe zazikulu zosungiramo tirigu. Mu 2022 nkhondo itabuka ku Ukraine, komwe Lebanon ankagulako tirigu wambiri, anthu anayamba kufola mizere italiitali pofuna phukusi limodzi la buledi. Nkhani imeneyi si yachilendo kwa Mmalawi. Tirigu wa ku Tsangano ndi kumapiri a Neno ndi wochepa, ndipo ufa wambiri wa m'masitolo umachokera ku tirigu wogula kunja. N'chifukwa chake mtengo wa buledi ndi mandasi umakwera pa zifukwa zochitikira kutali. N'chifukwa chakenso wophika pakhomo safuna kutaya ngakhale kapu imodzi ya ufa.

Tsopano nkhani ibwere pakhomo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka mlendoyu ndi aka: buledi wake salira uvuni yamagetsi.

Mayi amene akufuna kuyesa amayamba ndi yisiti. Amatenga kapu imodzi ya madzi ofunda, n'kuthiramo masupuni aang'ono awiri a yisiti ndi kasupuni kamodzi ka shuga. Ofunda bwanji? Ofunda ngati osambitsira khanda. Akaviika chala n'kuchichotsa msanga, ndiye kuti atentha kwambiri. Yisiti ndi chinthu chamoyo. Madzi otentha amamupha, madzi ozizira amamugoneka tulo. Pakapita mphindi zochepa pamwamba pamabwera thovu. Thovu likapanda kubwera, yisitiyo anafa kalekale ali m'paketi, ndipo ndi bwino kudziwa panopa ufa usanalowemo.

Kenaka amatenga makapu atatu a ufa wa tirigu m'beseni, kasupuni ka mchere, ndi masupuni aakulu awiri a mafuta ophikira. Ku Lebanon amathira a azitona. Kuno a mpendadzuwa kapena a soya amagwira ntchito bwinobwino. Amathira madzi a yisiti aja, n'kuyamba kukanda.

Apa ndiye pagona nkhani. Kukanda si kusakaniza chabe. Mu ufa wa tirigu muli zomanga thupi zimene zikanyowa n'kukandidwa zimalukana, n'kukhala ngati mphira. Akatswiri amazitcha gluten. Ufa wa chimanga ulibe zimenezi. N'chifukwa chake chigumu chimanyenyeka pamene buledi amatamuka. Mphira ameneyu ndiye amagwira mpweya umene yisiti amatulutsa. Mayi amakankha mtanda ndi chikhatho, n'kuupinda, n'kuutembenuza, n'kuukankhanso. Poyamba umamata m'manja, ndipo mtima umafuna kuwonjezera ufa. Ayi, apirire. Mtanda wa buledi ameneyu uyenera kukhala wofewa, chifukwa madzi ali m'katimo ali ndi ntchito yaikulu kutsogoloku. Pakatha mphindi khumi umasalala. Akaubaya ndi chala, kadzenje kamabwerera pang'onopang'ono.

Amaupaka mafuta pang'ono, n'kuuvundikira ndi nsalu yoyera, n'kuusiya pamalo ofunda. M'nyengo yotentha ya Okutobala, ku Nsanje kapena ku Salima, ola limodzi limakwana. M'mwezi wa Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu, mtanda umachita ulesi, ndipo umafuna nthawi yotalikirapo. Wotchi isalamule. Maso ndiwo alamule. Mtanda ukafufuma n'kukula kuwirikiza kawiri, wakonzeka. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akatero amaudula timibulu tisanu ndi titatu, tokula ngati mandimu aakulu, n'kutisiya tipume pang'ono. Mtanda wosapuma umakana kufutukuka. Akaukoka umabwerera ngati lastiki. Wopuma umamvera. Chofutukulira chikasowa, botolo lotsuka bwino limakwana. Amafutukula kuchokera pakati kupita m'mbali, mpaka buledi akhale wozungulira ngati mbale, wochindikala ngati ndalama ziwiri zachitsulo zosanjikiza. Asapindike. Asabooke. Asakhale wonenepa uku, woonda uku. Akamaliza amavundikiranso ndi nsalu kwa kanthawi kuti pamwamba pasaume.

Tsopano tafika pa moto. Paja tinati wa ku Lebanon amafuna moto waukali kwa kanthawi kochepa. Chifukwa chiyani?

Chifukwa cha thumba lija. Ambiri amaganiza kuti thumba la m'kati mwa buledi amachita kulidula ndi mpeni. Ayi. Limapangidwa ndi nthunzi. Mtanda wopyapyala ukagwera pachitsulo chotentha kwambiri, kunja kumauma msanga n'kukhala ngati chikopa. Madzi a m'kati amasanduka nthunzi. Nthunziyo imasowa potulukira, ndiye imakankha chikopa cha pamwamba, n'kuchilekanitsa ndi cha pansi. Buledi amatupa ngati chibaluni anthu akuona. Moto ukakhala wochepa, nthunzi imatuluka mwakachetechete, ndipo buledi amangouma ngati bisiketi.

Amene ali ndi uvuni aitenthetse mpaka pamapeto penipeni, chitsulo chophikirapo chili kale m'kati. Mtanda ugwere pachitsulo chotentha, osati chozizira. Mphindi ziwiri kapena zitatu, buledi wapsa. Chitseko chisamatsegulidwe pafupipafupi.

Nanga amene alibe uvuni? Nanga magetsi akazima? Asadandaule. Kumidzi ya ku Lebanon amaphikira pa saj, chitsulo chozungulira chotumphuka pakati, chimene chimaoneka ngati chiwaya chovundikira pamoto. Pa saj amaphikirapo markouk, buledi wamkulu wopyapyala ngati nsalu, amene amayi amamutambasula pomuponya kuchokera dzanja ili kupita dzanja ilo, n'kumuyala pakapilo kozungulira asanamugwetsere pachitsulo. Ndiye kuti mbaula ya makala ndi chiwaya chochindikala si zachilendo kwa buledi ameneyu. Ndi kwawo.

Mayi amakoleza makala mpaka ayake psuu. Amaika chiwaya chouma, chopanda mafuta, n'kudikira chitenthe. Akadonthezapo madzi, dontho livine n'kutha nthawi yomweyo. Amayala mtanda. Timatuza tikangoyamba kuoneka pamwamba, amatembenuza. Pakapita mphindi imodzi amatembenuzanso. Apa ndi pamene ana amaitanizana, chifukwa buledi amayamba kutupa mbali imodzi. Mayi amadina pang'ono ndi nsalu yopinda, kuti nthunzi ifalikire ponseponse. Achenjere ndi zala, nthunzi imeneyi imawotcha.

Akaphula, buledi asasiyidwe pamtunda. Alowe m'nsalu yoyera, wina pamwamba pa mnzake. Nthunzi yotsalira ndiyo imamufewetsa. Akasiyidwa pamphepo amauma gwa.

Kodi woyamba akakana kutupa ndiye kuti zalephereka? Ayi. Nthawi zambiri woyamba amakana chifukwa chiwaya sichinatenthe mokwanira. Wachiwiri ndi wachitatu amavomera. Ndipo wokanayo amadyedwa ndithu. Ku Lebanon buledi wouma amamunyemanyema, n'kumukazinga, n'kumuthira mu saladi yotchedwa fattoush, ya tomato, nkhaka ndi masamba. Palibe chotaya.

Pano pali chinthu chosangalatsa. Mtanda womwewu ndi umene amapangira man'oushe. Koma man'oushe safunika kutupa, chifukwa akatupa zopaka zonse zitsetserekera pansi. Ndiye wophika amadina mtanda ndi nsonga za zala, n'kusiya timaenje ponseponse. Timaenjeto timaletsa thumba, komanso timasunga mafuta. Dzina lakuti man'oushe linachokera pa mawu a Chiarabu otanthauza kugoba kapena kuzokota. Ndi buledi wokhala ndi zidindo za zala za womuphika. Tchizi wa akkawi ali ndi mchere wambiri, choncho amayamba amuviika m'madzi kwa maola angapo kuti mchere uchepe. Amene ali kuno, komwe akkawi sapezeka wamba, angagwiritse ntchito mozzarella kapena cheddar wa m'masitolo akuluakulu. Chitowe ndiye chili m'misika yathu yomwe.

Tsopano nkhani ikhotere kwa buledi wachiwiri, wa adyo ndi tchizi.

Uyu si wa ku Lebanon. Mizu yake ili ku Italy. Alimi a kumeneko ankaotcha buledi wogona pamakala, n'kumukhula ndi adyo wamuwisi, n'kuthirapo mafuta a azitona ndi mchere. Amamutcha bruschetta. Anthu a ku Italy atasamukira ku America anapeza kuti mafuta a azitona ndi odula pamene bata wa mkaka ali mbwee. Anasintha. Buledi wa adyo amene wafala m'malesitilanti lero anabadwa motero. Chinali chakudya cha anthu osafuna kutaya buledi wa dzulo.

Koma pa nkhani ya adyo, a ku Lebanon nawonso satsalira. Ali ndi msuzi woyera wolimba wotchedwa toum, dzina limene limangotanthauza adyo. Amasinja adyo ndi mchere m'kamtondo, n'kumadonthezamo mafuta pang'onopang'ono, mosinthana ndi madzi a mandimu, mpaka uyere ngati thonje. Amadyera nkhuku yootcha, yokulunga m'buledi uja wa thumba. Wothira mafuta onse nthawi imodzi msuzi umamukanika. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

N'chifukwa chiyani adyo amasinjidwa? Adyo wathunthu sanunkhira kwenikweni. Fungo limabadwa akaphwanyidwa, pamene zinthu ziwiri zokhala motalikirana m'kati mwake zikumana n'kupanga mankhwala otchedwa allicin. Wosinja kwambiri amapeza ukali wambiri. Wongodula mapisi amapeza wofatsa. Adyo wokalamba amakhala ndi kamphukira kobiriwira pakati, ndipo ophika ambiri amakachotsa chifukwa kamawawa.

Kakonzedwe kake n'kosavuta. Mayi amasinja adyo ndi mchere pang'ono. Amasakaniza ndi bata kapena majarini wofewa, osati wosungunuka. Amaduliramo masamba a parsley, kapena a dhania amene amapezeka m'misika ya m'tauni. Amatenga buledi wa dzulo, kaya ndi wa kubekale, kaya ndi mabanzi. Wa dzulo ndiye wabwino, chifukwa wauma pang'ono ndipo amamwa mafuta bwino. Amamucheka m'mizere koma osafika pansi, kuti akhalebe wolumikizana. M'mpata uliwonse amapakamo zosakaniza zija, n'kulowetsamo tchizi wopala.

Tchizi ndi wodula, palibe angatsutse. Koma kachidutswa kakang'ono, akakapala pa chopalira chija amapalira karoti, kamakwanira buledi yense. Mozzarella ndiye amatamuka ngati ulimbo. Cheddar satamuka kwambiri koma ali ndi kukoma kwamphamvu. Amene angakwanitse amasakaniza onse awiri.

Ndiye moto. Paja tinati wa adyo amafuna moto wofatsa. Adyo akapserera amawawa, ndipo kuwawa kumeneko sikuchoka ngakhale atathira chiyani. Tchizi naye pamoto waukali amatulutsa mafuta n'kulimba ngati mphira. Mu uvuni, buledi akulungidwe m'pepala la foyilo, aphikidwe pamoto wapakati kwa mphindi khumi kapena kuposerapo pang'ono, kenaka avundukulidwe kuti pamwamba pafiire.

Pambaula, njira yake amayi athu amaidziwa kale. Ndi ija amaphikira chigumu. Makala ochepa pansi pa poto. Makala ambiri pachivundikiro. Moto wa pamwamba umasungunula tchizi, wa pansi umangofunditsa. Mphuno ndiyo imanena. Fungo la adyo likayamba kukoma ngati mtedza wokazinga, nthawi yophula yakwana.

Pali chenjezo limodzi lofunika kulimva bwino. Adyo wosinja wosakaniza ndi mafuta asasungidwe pashelefu kwa masiku. M'mafuta mulibe mpweya, ndipo mmenemo mungaswane kachilombo koyambitsa matenda oopsa otchedwa botulism, kamene sikasintha fungo kapena maonekedwe a chakudya. Amene ali ndi firiji asunge mmenemo kwa masiku ochepa okha. Amene alibe asinje wokwanira tsiku lomwelo basi.

Kodi mabuledi awiriwa angakumane? Eya, amakumana. Buledi wa ku Lebanon amene watsala dzulo ali kale ndi thumba. Mayi amangomudula pakati, n'kupaka adyo ndi majarini m'kati, n'kuthiramo tchizi, n'kumubwezera pachiwaya. Koma ulendo uno amayamba waphula makala ena. Dzulo buledi ameneyu anafuna moto waukali kuti atupe. Lero akufuna moto wofatsa kuti tchizi asungunuke adyo asanapserere. Ufa ndi womwewo, chiwaya ndi chomwecho, mbaula ndi yomweyo. Chasintha ndi kuchuluka kwa makala.

Tibwereze mwachidule, omvera. Madzi a yisiti akhale ofunda, osati otentha. Mtanda ukandidwe mpaka usalale, ndipo upatsidwe nthawi yopuma. Wa ku Lebanon agwere pachitsulo chotentha kwambiri, akapsa alowe m'nsalu. Wa adyo aphikidwe mofatsa, makala ambiri ali pamwamba.

Loweruka likubwerali, pakhomo pena mayi adzakanda mtanda m'mamawa n'kuuvundikira ndi chitenje choyera, ana akusesa pabwalo. Tiyi akamadzawira, chiwaya chidzakhala chatentha. Timibulu tina tidzatupa anthu akuona, n'kudyedwa ndi nyemba zogona, mapeyala kapena dzira lokazinga ndi tomato. Tiwiri kapena titatu tidzabisidwa m'nsalu kudikira madzulo, pamene kamtondo kadzalira ndi adyo, agogo n'kufunsa ali pamphasa kuti, “Kodi chikununkhira kukhitchiniko n'chiyani, ana inu?”

Kwa lero nkhani ya kukhitchini yathera pamenepa.